Anandifunsa Kuti Ndiwe Ndani Kwa Ine

Kasakula, Ntchisi
9 Juni 2024

Wokondedwa mwana wanga Talandira,

Landira moni wanga, iwe pamodzi ndi amuna ako a Godwin. Mukudzuka bwanji kutaliko? Miyendo ija yayamba kuphwa? Ukugona monga anakuuzira adokotala, kapena wayambanso makani ako aja ochapa ndi kukolopa? Kuno tilipo, kupatula chifuwa, poti chisanu cha m'mapiri muno ukuchidziwa. Soya tamaliza kupuntha, chimanga chalowa m'nyumba.

Usadabwe kuona kalata. Lachinayi unandiimbira kanayi, ine n'kudzanamizira netiweki. Netiweki inalipo, mwana wanga. Foni ndinkangoiyang'ana ikulira pamphasa, pakamwa ndi pamene panandilemera. Ndiye ndati ndilembe, m'bale wathu Maria wa ku Mponela aijambule akutumizire.

Viza andikana. Sindibwera. Ndipo wolakwa si wina, ndine.

Ndiyambire kutali, pa zimene ukuzidziwa kale. Ukukumbukira chaka chimene unalemba mayeso a Sitandade 8 kachiwiri osasankhidwa kupita kusekondale. Malume ako a Benjamini, pa nthawiyo akadali pauphunzitsi, anati dzina lako latopa, osankha akaona dzina lobwereza amalidumpha. Dzina la Lusiya, mwana wa akulu anga a Lidia, linali likadali m'kaundula wa sukulu, ngakhale mwini wake tinali titamuika m'manda chaka chapitacho. A Lidia anavomera okha, misozi ili m'maso, nati dzina lisagone pachabe.

Unalemba ngati Lusiya Gwaza, unasankhidwa, tinalulutira. Kuyambira pamenepo satifiketi, chiphaso cha unzika, pasipoti, zonse ndi Lusiya, ndipo pamalo pa mayi pamalembedwa Lidia. Ine sindinadandaulepo. Ndinkati pepala silinayamwitsepo mwana.

Utandiitana kuti ndidzakhale nawe pa uchembere wakowu, iwe ndi malume ako munagwirizana kuti pa fomu ndilembedwe kuti ndine anti, mng'ono wa mayi ako, kuti mapepala asatsutsane. Ndinavomera. Ndinaona ngati kanthu kakang'ono, liwu limodzi lokha.

Masabata awiri athunthu malume ako ankabwera m'mawa uliwonse kudzandiphunzitsa. Ankakhala pakhonde, tebulo patsogolo, atavala magalasi awo aja a mwendo umodzi, n'kumadzichita bwana wa kwa kazembe. Ankafunsa kuti Lusiya Gwaza ndi ndani kwa ine, ine n'kumayankha kuti ndi mwana wa akulu anga. Ndikachedwa kuyankha ankamenya tebulo ngati ndine mwana wa Sitandade 2. Mpaka ndinafika poliyankha funsolo ndili kudimba ndekha, ndikuthirira mpiru.

Lachitatu tinanyamuka panjinga yamoto mpaka kuboma, kenako minibasi mpaka pa Mponela, tinagona kwa Maria. M'mawa mwake tinali ku Lilongwe, pageti pa ofesi ya kazembe wa dziko lanulo. Alonda anati woperekeza salowa. Malume ako anayesa Chingerezi chawo chonse, koma anatsala panja pansi pa mtengo. Foni ndinaisiya pageti, chikwama chimodzimodzi. Ndinalowa ndi envelopu yokha, nditaikumbatira pachifuwa.

M'katimo mumazizira kuposa kuno m'bandakucha. Anandipatsa kapepala ka nambala, ndinakhala pampando pamodzi ndi anthu ovala bwino, aliyense ali duu, kuyang'ana mawindo agalasi. Wina akamachoka pawindo, tonse tinkamuwerenga nkhope kuti tidziwe ngati zamuyendera.

Poyamba anandiitana kukadinda zala pakamakina kowala. Kamakinako kanakana zala zanga kawiri. Mtsikana wa pamenepo anati mizere inafufutika, ine ndinati khasu ndi fodya sizisiya munthu ndi mizere. Anaseka, anandipukuta zala, kachitatu zinatheka. Ndinati mumtima, basi chovuta chatha.

Kenako nambala yanga inatchulidwanso. Kuseri kwa galasi kunali mayi wa dziko lanulo, wamng'ono kwa iwe, ndipo pambali pake bambo wina wakwathu konkuno womasulira. Anandifunsa kumene ndikupita, ndinayankha. Anafunsa kuti ndikakhala nthawi yaitali bwanji, ndinati miyezi itatu, mvula isanagwe ndikhala nditabwerera. Anafunsa amene atsale ndi munda ndi mbuzi, ndinatchula. Zonse zinkatuluka monga pakhonde paja.

Ndiye mayi uja anatenga pepala la pasipoti yako n'kulitembenuzira kwa ine, kuligunditsa pagalasi. Anafunsa kuti munthu uyu, Lusiya Gwaza, ndi ndani kwa ine.

Talandira, malume ako sanandionetsepo chithunzi pophunzitsa paja. Ndinaona nkhope yako, ndi kachipsera ka pachikope kaja, ka tsiku limene unagwera pamwala kuchitsime uli ndi zaka zinayi. Yankho linali pakamwa, lokonzeka. Koma mutu wanga unapita kumanda a kwathu, kumene Lusiya weniweni wagona pafupi ndi a Lidia mayi ake. Ndinakumbuka kuti iwe uli chigonere, pakati pachitatu apa, awiri aja atapita padera. Ndinaona ngati ndikanena kuti ndiwe Lusiya wa a Lidia, ndakupereka kwa iwo ndi pakamwa panga.

Ndinati ameneyo ndi Talandira, mwana wanga.

Bambo womasulira uja anali munthu wabwino, Mulungu amudalitse. Sanamasulire msanga. Anayang'ana fomu, n'kundiyang'ana ine, nati mayi, kwathu kuno mwana wa mkulu wako ndi mwana wako ndithu, kodi si zimene mukutanthauza? Ananditsegulira khomo, ndinaliona. Ndikanangoti eya, bwenzi pano ndikulongedza.

Koma ndinati ayi bambo, ndinamubala ndine, nditadikira zaka zisanu ndi ziwiri, n'chifukwa chake tinamutcha Talandira.

Anaweramitsa mutu n'kumasulira. Mayi uja sanakalipe, sanakweze mawu. Anangofunsa kalembedwe ka dzina lakolo, bamboyo n'kumutchulira chilembo chimodzichimodzi. Chichokereni ku Sitandade 8 dzina lako lenileni silinalembedwenso muofesi iliyonse, ndipo tsiku loyamba kulembedwanso, lalembedwa pondikana.

Anandibwezera pasipoti ndi pepala lochonga. Womasulira anati zimene ndalemba ndi zimene ndanena zasiyana, choncho sangandikhulupirire pa zina zonse. Anati ndikhoza kudzayesanso, koma za tsikulo zikhalabe m'makina mwawo. Ndinafuna kufotokoza za Sitandade 8, za malungo amene anatenga Lusiya, za ubwino wa a Lidia. Ndisanatsegule pakamwa, nambala ina inali itatchulidwa kale, ndipo bambo wina wa jekete anali ataima kumbuyo kwanga.

Panja malume ako atandiona anaimirira, anangoona mayendedwe anga n'kukhalanso pansi. Nditawafotokozera anagwira mutu. Anati masabata awiri onse aja ankaphunzitsa chitsa. Anati mapanga awiri avumbwitsa, ine ndinati mapangawo anakumba ndani? Tinakangana pamsewu ngati ana, anthu akutiyang'ana. Kenako anavula magalasi, n'kunena chapansipansi kuti nzeru ija inali yawo, ndipo yakola mlongo wawo. Tinakwera minibasi kubwerera ku Mponela.

Maria wayang'ana pafoni, akuti tsiku lina lopezeka loti ndikaonekerenso ndi mu Sepitembala. Iwe masiku ako ndi a mwezi wamawa. Ndipo ngakhale nditapitanso, ndikanena chiyani? Ndikati anti, makina akuti mayi. Ndikati mayi, mapepala ako akuti Lidia. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, sindikuona polowera.

China chimene chikundidya n'chakuti mwina ndakuputira mavuto kumeneko. Malume ako akuti sakudziwa ngati dzina lija alitsatira kapena lingogona m'makina. Uwauze a Godwin msanga, afunse kwa odziwa malamulo. Usawabisire monga ndinakubisira ine Lachinayi.

Ndikhululukire, mwana wanga. Unandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndidzakugwire dzanja, ndipo ndalephera chifukwa cha liwu limodzi. Ndikadzifunsa ngati ndingayankhe mosiyana atandibwezera pawindo paja, ndikunena zoona, sindikudziwa. Chimenecho n'chimene chikundiliza kwambiri.

Chikwama chili pomwe ndinachisiya, sindinamasule. Muli zitenje ziwiri zoberekera, nsinjiro, ndi kajuzi kamene amayi a Mvano analuka. Ukamva za munthu wobwera kumeneko undiuze, ndidzamupeza ngakhale pabwalo la ndege.

Tsopano mvera. Ufunefune mayi wachikulire wakwathu kumpingo kwanuko, adzakhale nawe tsikulo. Usachite manyazi kupempha, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo zikadzayamba, nthawi ina iliyonse, a Godwin adzandiimbire aike foni pafupi ndi khutu lako. Ndizikhala nayo yodzaza moto. Ulendo uno ndidzayankha ikangolira kamodzi.

Pempho langa lomaliza ndi ili. Sindikulamula, mwana ndi wanu awiri. Koma Mulungu akakupatsani wamkazi, dzina lako lija lilipo, lakhala zaka zonsezi osagwira ntchito. Lilibe satifiketi, lilibe chidindo, ndi latsopano ngati tsiku limene tinakutcha. Mudzamupatse, mudzalilembetse bwinobwino, ndipo pamalo pa mayi padzalembedwe amene wamubala.

Undiperekere moni kwa a Godwin, uwauze kuti ndathokoza chifukwa cha kalata yondiitana ija ndi zonse anavutikira. Malume ako akupereka moni, dzulo anabwera ndi nthochi. Amayi a Mvano akukutchula m'mapemphero Lachisanu lililonse. Ambuye akusunge iwe ndi amene wanyamulayo, akuolotseni nonse awiri.

Ndine mayi ako amene ndinakubala,
Rakele Nabanda