Mfundo Yanga Pakamwa pa Amalume

Lachinayi, mwezi wa Agosto, Ngauma. Kwachita fumbi tsiku lonse, ndipo mtima ukundiwawabe.

Kumsonkhano wa alimi a fodya kunabwera tekiniko, katswiri wa makina wa ku tauni ya Cuamba, ndi kompyuta yomvera mtsutso. Imalemba mfundo iliyonse ndi ina yoigwetsa, kenako imachotsa mawu a munthu mmodzi n'kuona ngati chigamulo chingasinthe. Anati amene wakoka gulu kwambiri ndiye akatiyankhulire kwa ogula fodya ku Cuamba.

Nkhani inali yodula mitengo ya kumtsinje kuti timangire zigafa. Ine ndinadziwa kuti tikaidula, chitsime chiuma. Koma kuno mtsikana satsutsa akuluakulu pagulu, ndiye ndinawanong'oneza amalume Jonasi. Iwo anaimirira n'kunena mawu anga onse, ngati anagona nawo. Mitengo yapulumuka.

Kompyuta itachotsa mawu a amalume, chigamulo chinagwa. Itafika pa dzina langa, inasowa chochotsa. Ku Cuamba akupita ndi amalume.

Pobwerera anandiuza akumwetulira, “Mphwanga, makina sanama.”

Ndinati, “Sanamadi, amalume. Kungoti samva zonong'ona, monga inuyo simumva manyazi.”

Amayi akuti ndikapepese mawa. Sindipita. Kompyuta sindikuida, inayeza zimene inamva. Amene anamva zonse n'kukhala chete ndi amalume.

Loweruka kuli mtsutso wa mbewu. Ndikaimirira ndekha, anditche wamwano ngati akufuna. Ndipo amalume akadzapendeketsa khutu kwa ine, ndidzangoyang'ana kudenga...