Kakapu kolawira kachasu kafika kwa mwana wanga

Aphungu,

Ndiyambe ndi kukuchenjezani: musandiuze kuti ndipemphere. Amayi a kutchalitchi abwera kale, andiimbira nyimbo, ayang'anayang'ana m'nyumba mwanga kuti akapeze chokamba kunjira, apita. Kwa inu ndikufuna yankho la munthu woganiza.

Ndine mayi wa zaka 41. Ndimatcheza kachasu m'mudzi wina kufupi ndi msika wa Mitundu. Kuno amanditchula kuti Aprofesa, koma si ulemu ayi. Ndinafika ku yunivesite, ndinkaphunzira za kakonzedwe ka zakudya, ndipo m'kalasi sindinali wa kumchira. Ndili m'chaka chachiwiri amayi anga anadwala, miyendo ndi mimba zinatupa, ndiye ndinabwera kudzawadwazika, ndikuyesa kuti ndi za mwezi umodzi. Anamwalira akusanza magazi. Akuluakulu anagamula kuti ndi tsempho, ati bambo anga anawasempha poyenda ndi mkazi wina, ndipo bambowo, pokhala mkamwini, anathamangitsidwa pamudzi anthu asanamete n'komwe. Ine ndinatsala ndi azing'ono anga, migolo ya amayi ndi paipi yotchezera. Kusukulu sindinabwererenso. Anzanga amene ankakopera mayankho kwa ine lero amadutsa pamsewu pa magalimoto a mabungwe, atatseka magalasi kuopa fumbi lathu.

Kachasu wanga ndi waukhondo, gaga, shuga ndi madzi basi. Koma mwambo wake mukuudziwa, kapena kutauniko munauiwala: mwini mowa sapereka mowa kwa munthu asanalawe yekha pamaso pake, kusonyeza kuti mulibe chiphe. Anzanga otcheza amalawa kamodzi potsegula botolo, nkhani yatha. Ine ayi. Chaka china munthu anafa cha ku Nathenje atamwa kachasu kwa mayi wina, kunamveka zoti munali feteleza ndi mabatire, ndipo maso onse kuno anatembenukira kwa ine. Ati, "Aprofesawa ndiye amadziwa zosakaniza, anaphunzira." Sukulu yanga yosamaliza ija ntchito sinandipatse, inangondipatsa mbiri ya mfiti yophunzira. Kuyambira pamenepo aliyense wogula, kaya ndi katoti kamodzi kaya ndi botolo lathunthu la velemoti, amati, "Yambani ndinu." Ine, pofuna kuwachititsa manyazi, ndinkalawa ndikuwayang'ana m'maso. Ndili ndi kakapu kachitsulo kolawira, komwe ankalawira amayi.

Mumvetse bwino, ine sindine chidakwa. Sindinagonepo m'ngalande, sindinavulepo chitenje pagulu. Zidakwa ndimazidziwa, ndimazikoka miyendo kuzichotsa pakhonde panga, ndimazinyoza zikumva. Ine ndimangolawa.

Chaka chino mimba yanga inayamba kukula. Azimayi a pamjigo anayamba kundiwerengera miyezi, akufunsana kuti mwa makasitomala anga mwini wake ndani, popeza bambo a mwana wanga anandisiya kalekale. Ndinawaleka alankhule. Kunena zoona, mbiri ya mimba yopanda mwini inandikomera kuposa ina imene ndinkaiopa. Koma mimba yake yosagunda. Maso anasanduka achikasu, khungu kuyabwa, mapazi kutupa mpaka masilipasi kukana kulowa.

Ndinakwera njinga yamoto kupita ku kachipatala kena kolipira ku Nathenje, kumene sandidziwa. Dokotala wake kamnyamata koti ndikanamaliza sukulu bwenzi kakundinyamulira chikwama. Anandigogoda pamimba ngati akusankha vwende pamsika, n'kuti, "Mayi, muno muli madzi, si mwana. Chiwindi chavulala. Mumamwa mowa?" Ndinati ayi. Anati, "Nanga mumagwira ntchito yanji?" Nditamufotokozera anangoti, "Tsiku la msika likubwerali, nthawi iliyonse mukalawa muzithira madzi ofanana ndi zomwe mwamezazo m'botolo lopanda kanthu. Mudzandiuze." Ndinamuseka. Koma ndinachita, kuti ndikamutsutse bwino. Inali nyengo yoti anthu agulitsa fodya, bwalo lodzaza. Dzuwa lisanapendeke velemoti inali itadzaza, ndayamba kuthira ina. Ndinaiphwanyira pamwala. Kwa dokotalayo sindinabwererenso.

Sabata yomweyo ndinasanza, ndipo m'masanzimo munali magazi. Ndikufotsera ndi phulusa ndinakumbukira beseni limene ndinkatsuka amayi akudwala. Ndiye kuti bambo anga anakafera kwawo akusenza mlandu wa kakapu kachitsulo.

Loweruka lotsatira ndinakana kulawa. A Maliko, mkulu wa kabaza amene wakhala akumwa pano kuyambira nthawi ya amayi, anaika kapu pansi n'kuti, "Aprofesa, lero mwathiramo chiyani choti eni ake mukuchiopa?" Ndinati ndikumwa mankhwala. Iwo anati, "Nafenso tili ndi ana, mayi. Tiyeni anyamata, tikamwere kwina." Bwalo lonse linanyamuka, ndinatsala ndi ntchentche. Tsiku limenelo manja ankanjenjemera, thukuta lili kamukamu, ndipo zinaleka m'mawa mwake nditalawa mutu, kachasu woyamba kudontha uja, kuti ndione ngati watuluka bwino. Zimenezi musazitengere patali, kunali kutopa chabe.

Tsopano nkhani imene ndakulemberani. Ndili ndi mwana mmodzi, Felesiya, wa zaka 16, ali Fomu 3. Mutu wake ndi wanga, masamu amachita ngati akutongola chimanga. Pa zonse zimene ndapanga pamoyo wanga, ndi yekhayu amene sanagwetse munthu m'ngalande. Fizi yake, yunifolomu, sopo, zonse zimadontha pa paipi ija. Makasitomala atabweranso kudzandiyesa, ine ndikukangana ndi a Maliko, mwanayo anatuluka m'nyumba, anandilanda kakapu kaja m'manja, n'kugugudiza. Anatsokomola, misozi ili chuchuchu, amuna aja akuwomba m'manja. A Maliko anati, "Make mbuu, mwana mbuu! Basi, kuyambira lero azitiyambira ndi aang'onowa." Amuna aja atapita, mwanayo ndinamuwaza mbama. Sanalire. Anati, "Amayi, mukalawa mufa, mukapanda kulawa tifa tonse ndi njala. Ine chiwindi changa n'chatsopano."

Kuchokera tsikulo wakhala akulawa Loweruka lililonse. Chimene chikundidya n'chakuti ulendo womalizawu sanatsokomole. Sanachite ndi tsinya lomwe. Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, ndendende mmene ankachitira agogo ake amene sanawaonepo.

A Zuwena, mayi amene ndimagulako shuga pamsika, anandiuza kuti, "Achemwali, zisiyeni izi, bwerani muziphika thobwa ndi zitumbuwa pambali pa shopu yanga." Iwo samwa, chipembedzo chawo chimaletsa, koma shuga wa kachasu amandigulitsa ndi manja awiri. Ndiye ine, munthu wa ku yunivesite, ndizikuwa kuti "zitumbuwa zamoto" pamsewu womwe amadutsa anzanga aja? Komanso zitumbuwa sizilipira fizi.

Ndiuzeni tsono. Ine zanga zatha, njira imeneyi ndinaona kumene imathera. Ndikungofuna ndimufikitse mwanayu pa mayeso a Fomu 4. Atamalawa Loweruka lokha, kungonyowetsa milomo, kwa chaka chimodzi chokhachi, chingamuchitikire n'chiyani? Thupi la mwana si limachira msanga? Musandinyengerere. Zimenezi ndikanazidziwa ndekha, koma kusukulu ndinachoka tisanafike pa tsamba limenelo.

E.N., Mitundu

Mayi E.N.,

Mwati ndisakunyengerereni, ndiye sinditero. Yankho ndi ayi. Felesiya asalawenso, kaya ndi Loweruka, kaya ndi kunyowetsa milomo. Inunso mukudziwa, n'chifukwa chake mwandiuza zoti sanatsokomole. Inu munabwera kumudzi kwa mwezi umodzi, lero papita zaka makumi awiri. Chaka chimodzi mukunenachi chidzatalika chimodzimodzi. A Maliko sadzakhutira ndi milomo yonyowa, adzafuna kuona pakhosi pakuyenda. Mowa umagwira msanga munthu amene wauyamba ubongo usanakhwime, ndipo mutu wa masamu mukuudalirawo ndi umene uyambe kuwonongeka. Ganiziraninso za mtsikana wa zaka 16 akumwa pakati pa amuna oledzera amene akumuwombera m'manja. Si chiwindi chokha chimene chili pangozi.

China chikuwawani, koma mumve. Chiwindi sichisiyanitsa kulawa ndi kumwa. Botolo munaphwanya lija silinaname. Manja onjenjemera amene amaleka mukalawa mutu si kutopa, ndi thupi limene lazolowera mowa ndipo likuufuna. M'ngalande simunagone, ndikuvomera, koma matenda ake ndi omwewo a anthu mumawakoka miyendo aja. Sindikukusekani. Munalowamo polera ana a amayi anu, ndipo ntchitoyo munaigwira.

Kusanza magazi si nkhani yodikira kuti tsiku la msika lidutse. Mtsempha ukaphulika m'kati, Lilongwe amatalika. Mawa m'mawa pitani kuchipatala chachikulu kumene angakugonekeni, ndipo mutenge munthu wamkulu wokuperekezani. Akakufunsani ngati mumamwa, muyankhe kuti inde, tsiku lililonse, ndipo muwauze za magazi ndi za kunjenjemera. Musayese kusiya nokha kunyumba, chifukwa thupi lozolowera chonchi likamanidwa mowa mwadzidzidzi munthu amatha kugwa ngati wakhunyu, kubwebweta, ngakhale kufa kumene. Kuchipatala ali ndi mankhwala okuolotsani masiku oyambawo. Muwapemphe akuyezeninso matenda ena owononga chiwindi, monga likodzo ndi hepataitisi. Mapilisi opha ululu a pa okala musamwe, zitsamba zochotsa tsempho musayandikire, chiwindi chodwala sichitha kuzisefa. Mchere muchepetse, umachulukitsa madzi m'mimbamo.

Sindikulonjezani kuti muchira. Zikafika potupa mimba, mbali ina ya chiwindi imakhala itauma ndipo sibwerera. Koma ambiri amene amasiyiratu mowa pamenepa amakhalabe zaka, pomwe opitiriza sakhalitsa. Mukuti zanu zatha. Dokotala sananene zimenezo, mwadzigamula nokha osayezetsa, ngati mmene akuluakulu aja anagamulira za tsempho.

Simungasiye mowa mukuutcheza. Migolo ndi paipi zigulitsidwe, zikhale mpamba. A Zuwena anyozeni mmene mungafunire, koma m'kalata yanu yonse ndi okhawo amene akukuitanirani pamalo poti simufunika kumeza kanthu kuti anthu akukhulupirireni. Zitumbuwa sizikwanira fizi, n'zoona, ndipo musauka kuposa lero. Mukatuluka m'chipatala mukaonane ndi aphunzitsi aakulu a Felesiya, muwauze zonse osabisa, mufunse za thandizo la fizi la ana ovutika. Nanga azing'ono anu aja munawalera ndi paipi yomweyi ali kuti? Yakwana nthawi yoti asenze nawo mwanayu. Ngakhale anzanu a magalimoto aja, mmodzi mumuimitse. Kupempha kumawawa, koma sikutupitsa mimba.

Lero lomwe mukhale naye pansi Felesiya. Mumuuze kuti mbama ija inali ya mantha. Mumuuze chimene chinapha agogo ake aakazi, dzina lake lenileni, kuti agogo ake aamuna apumule ku mlandu umene sanapalamule. Mumufunsenso mofatsa ngati wayamba kumwa payekha, ndipo akavomera musamumenye, mupite naye kwa dokotala.

Chenjezo langa ndi ili. Kakapu kaja musakabise kudenga poti ndi chikumbutso cha amayi anu. Felesiya akudziwa pamene kamakhala, ndipo tsiku limene inu mudzagonekedwe, a Maliko adzabwera monga mwa masiku onse n'kupeza mwana ali yekha pakhomo. Musanatseke chitseko mawa, khuthulani zonse zili m'migolo, kakapuko mukaponye m'chimbudzi, mwanayo akagone kwa a Zuwena kapena kwa m'bale amene samwa. Mukapanda kutero, mudzatuluka m'chipatala n'kupeza Aprofesa ena atakhala kale pampando wanu.

Aphungu