Mahabu a Galimoto ya Bambo

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga ndi ana onse atatu. Kodi chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo? Nanga msana wanu, mukadali kuupweteka ndi mpando wa mu ofesi? Ife kuno tadzuka. Azakhali ali bwino, kungoti bondo lija. Bambo nawo ayambanso kudya, ndipo chimene anasiyira kudya n'chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene timalankhulana pafoni Lamlungu lililonse. Pafoni ndimanama bwino, achimwene. Mukafunsa za bambo ndimati ali bwino, mukafunsa za galimoto ija munawasiyira ndimati ikuyenda, kenaka ndimakhotetsera nkhani kwa ana. Paja amati mukabisa matenda maliro tidzamva. Ine ndabisa mokwanira.

Kuiwala kwa bambo mumakudziwa monga munakusiya pa maliro a mayi zaka ziwiri zapitazo, pamene ankasaka magalasi ali pamphumi tonse n'kumaseka. Pano si zoseketsanso. Pali masiku amandifunsa ngati ndine namwino watsopano.

Chaka chatha anayamba china. Lachinayi lililonse akamwa tiyi amavala jekete lawo la ku ntchito, n'kuliza galimoto, ati akukatenga mayi kumunda wa kuphiri. Mukukumbuka kuti ndilo tsiku ankakawatenga ndi matumba awo. Masiku ena onse amawasokoneza, koma Lachinayi salakwitsa.

Msewu wake mukuudziwa. Ukangowoloka kamtsinje pali chikweza chija cha miyala yogubuduka, phompho lili kumanja. Pano chakokoloka kuposa kale.

Mvula yathayi anakwera m'mawa osabwerera. Ndinakawapeza dzuwa litapendeka, ataima pakati pa munda, mvula ikuwathera pathupi. Anati akakhala m'galimoto mayi sawaona. Potsika ndinaona pomwe tayala lawo linadutsa pakhota paja pa chikwezacho, kuchokera m'mphepete mwa phompho panangotsala chikhatho chimodzi. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi ndi chibayo. Inu ndinakuuzani kuti ndi chimfine.

Atatuluka ndinabisa makiyi. Ndinaiwala kuti ndikubisira munthu woti anayendetsa ambulansi zaka makumi atatu ndi zinayi. Analumikiza mawaya pansi pa chiwongolero galimoto n'kulira. Ndinachotsa batire, iwo anakabwereka lina kwa aneba, ndipo aneba anachita kuwanyamulira. Nditawakhazika pansi kuti tikambirane, anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa kuti kodi anandiphunzitsa kugwira sipanala ndani.

Nzeru yoipayi inandibwerera ndili ku galaja komwe ndimagwira ntchito. Mundilole ndifotokoze pang'ono, pakuti inu za magalimoto munazithawa muli mwana, girisi munkamuopa ngati phula la moto.

Galimoto ija masiku onse imakokedwa ndi matayala akumbuyo. Kuti akutsogolo akokenso, pamafunika kuti mahabu, zitsulo zija zili pakati pa tayala, agwire. Mahabu omwe inabwera nawo ndi odziloka okha: ukangolowetsa giya ya folo, ija yokokera matayala onse anayi, agwira. Koma pali mtundu wina wakale, woloka ndi dzanja. Umenewo uyenera kutsika, kugwada pa tayala lililonse lakutsogolo, n'kupotoza kachogwirira. Ukapanda kutero, ngakhale ulowetse folo chotani, amakoka ndi akumbuyo okha. Ndipo chikweza chija ndi matayala awiri sichikwereka.

Mwina mwaona kale komwe ndikupita.

Habu ya kumanzere inali itayambadi kulira kuti kwe kwe pokhota, choncho ndinali ndi ponamizira. Ndinauza bambo kuti ndikukaichita sevisi. Loweruka masana, anzanga ataweruka, ndinaikweza pa jeke. Ndinamasula mabawuti asanu ndi limodzi mbali iliyonse, n'kuzula mahabu akalewo. Kamphete kachitsulo kam'kati kanandivuta, kanadumpha pa pulayala kawiri konse. Ndinapukuta girisi wakale, kupaka watsopano, kuika gasiketi, n'kulowetsa mahabu oloka ndi dzanja. Mabawuti ndinawamanga modumphitsa, limodzi uku lina mbali inayo, monga bambo anandiphunzitsira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Ndi ntchito ya ola limodzi. Ine inanditengera maola atatu, chifukwa manja ankadziwa chomwe ndikuchita. Nditamaliza ndinasiya mahabu onse ali omasula. Kenaka ndinatola mawilukapu awiri, zivundikiro zija za pakati pa tayala, pamulu wa zakutha, n'kuphimba kuti zogwirira zija zisaoneke. Makiyi ndinawabwezera bambo.

Lachinayi lotsatira bambo ananyamuka monga mwa masiku onse. Ola lisanathe anali atabwerera. Anati matayala atha, ndiwaone. Ndinagwada, n'kuwapapasa iwo akuona, ndipo ndinati ali bwino. Sabata yachiwiri anati ndi kilatchi. Ndinaiyesa, ndinati ili bwino.

Sabata yachitatu sanainenenso galimoto. Anauza azakhali kuti chikweza chimene ankakwera atanyamula mu ambulansi mayi wapakati wodwala, namwino osatayikira ndi dontho lomwe la madzi m'kapu, lero chawakanika. Anati mwendo wawo watha, ndipo dalaivala akatha mwendo ndiye kuti munthu yense watha.

Anapitabe sabata yachinayi ndi yachisanu, n'kubwerera. Mluzu uja ankaimba akamatsuka galimoto unatha. Chakudya ankangochitembenuza ndi supuni. Lamba wawo ndinachita kuwaboolera bowo lina ndi msomali, ine mwini, ndikudziwa bwino chomwe chikuwadya. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti bola ali moyo. Koma kunena zoona, achimwene, ndinawapulumutsa ku phompho n'kumawapha pang'onopang'ono pakhonde.

Pali chinthu chimene sindinachiganizire. Matenda amenewa amayamba kutenga zatsopano, zakale amasiya. Mahabu odziloka okha ndiwo anali achilendo kwa bambo. Oloka ndi dzanja ndi a pa ambulansi yawo yoyamba, anawapotoza m'matope ife tisanabadwe. Ndinawabisira chinthu chomwe amachidziwa kuposa dzina langa.

Lachitatu lina ankatsuka galimoto, ndipo anazula wilukapu kuti apukute m'kati. Azakhali akuti anagwada pamenepo nthawi yaitali. Kenaka anaibwezera, kusamba m'manja, n'kupempha kuti awaonjezere chakudya. Azakhali anakondwa, osadziwa.

M'mawa mwake ola linatha, lachiwiri n'kutha, bambo osabwerera. Azakhali atandiimbira ndinasiya galimoto ya mwini ili pa jeke, n'kubwereka njinga yamoto ya mnzanga. Pakamtsinje ndinapeza pamchenga pomwe anagwada, mbali iyi ndi mbali inayo. Kuchokera pamenepo mapazi a matayala anakwera mowongoka, popanda pomwe anapalasa. Pakhota paja sindinayang'ane pansi. Ndinalibe mtima wake.

Ndinawapeza kumunda ali bwinobwino. Galimoto anaitembenuza kale kuloza kunyumba, mwala uli kuseri kwa tayala, mawilukapu anga awiri atawayala pa boneti. Iwo anali atakhala pa mwala uja mayi ankapumirapo. Maso awo anali oyera, a bambo athu enieni.

Anandiitana kuti Sipanala, dzina lomwe anali asanalitchule miyezi yambiri. Anafunsa kuti mahabuwo anamanga ndani. Ndinati ndine. Anagwedeza mutu, nati ntchitoyo ndi yaukhondo, mabawuti awayesa onse ndipo palibe lolekera, kungoti makaniko akasintha chinthu amamuuza dalaivala.

Ndinagwada pamenepo n'kunena zonse, za makiyi, za mawilukapu, za matayala ndinawapapasa monama aja. Ndinalira ngati mwana. Iwo anandilekerera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati masabata asanu akhala akudziyesa munthu wakutha, ndipo kukanakhala bwino ndikanangowamenya ndi chitsulo cha jeke. Sanakweze mawu. Mawu amenewo ndikuyenda nawo mpaka lero.

Pambuyo pake anati lero akudziwa kuti mayi kulibe, adziwira udzu womwe wamera pakhomo pa kachisakasa kawo ka m'munda. Koma anati Lachinayi likubwerali sadzadziwa, ndipo adzanyamukanso. Anaululanso kuti pokwera, atafika pakhota, anaiwala kuti phompho lili mbali iti, anangopulumuka chifukwa manja anakhota okha. Anati zaka zonse zija ananyamula anthu osapha ndi mmodzi yemwe, ndipo sakufuna kuyambira ku ukalamba.

Anapisa m'thumba la jekete n'kundipatsa makiyi okha, osachita kuwapempha. Koma anaika lamulo. Lachinayi lililonse ndiziwaperekeza kumunda, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Ine ndiziyendetsa, koma mahabu aziloka ndi iwo. Anati dalaivala angamulande chiwongolero, koma asamusandutse katundu.

Ndi mmene takhalira miyezi itatu tsopano. Abwana anandilola kuti Lachinayi m'mawa ndisamabwere, ndimabweza Loweruka. Tikafika pakamtsinje ndimaima. Bambo amatsika, kukwinya manja a jekete, kugwada, kupotoza, kuzungulira kutsogolo, kupotozanso, n'kumenya boneti kawiri kuti tiye. Njira yonse amandidzudzula kuti ndimasintha giya ngati ndikuthyola nkhuni. Kumunda nthawi zina amasaka mayi, nthawi zina ayi. Timakhala ola limodzi, n'kutsika. Mluzu uja unabwerera, lamba tinabwezera pa bowo lakale.

Ndikanakonda kalatayi ikanathera pamenepa.

Masabata awiri apitawo analoka ya kumanzere bwinobwino. Atazungulira kupita kumanja anaima, dzanja lili pa boneti, akundiyang'ana kudzera pa galasi. Ndinadikira. Sanagwade, sanabwerere, anangoima. Ndinatsika ngati ndikukaona mpweya wa tayala, n'kupotoza ndekha. Habu imodzi yokha sithandiza kanthu, achimwene, ukaloka imodzi ina n'kuisiya zili chimodzimodzi ndi kusaloka konse. Sabata yathayi zinachitikanso chimodzimodzi.

Titakwera, tili pakhota penipeni, anatembenukira ku mpando wakumbuyo n'kufunsa kuti ali kuti mwana uja ankatsinzina tikafika pano. Dzina lanu analitchula lonse, osalakwitsa. Langa lenileni analitaya kale, latsala ndi Sipanala basi. Ndinati muli ku ntchito kutali. Anati akadzabwera iwo adzamuphunzitsa kuloka mahabu, wakula tsopano, asamangokhala m'galimoto ngati mlendo.

Pempho langa ndi limenelo. Sindikupempha kuti mutumize kanthu, zonse zofunika tili nazo. Ndikupempha inuyo. Bwerani mvula isanayambe, pakuti ikayamba chikweza chija sindidzawakwezanso, ndipo ikamadzatha sindikudziwa kuti tidzakhala ndi bambo ati. Ngakhale masabata awiri okha, bola mukhale Lachinayi m'kati mwake. Ine ndidzayendetsa, iwo adzaloka ya kumanzere, inu mudzagwade kumanja muwalole akuphunzitseni. Ndi kupotoza kamodzi kokha, ngakhale inu mukhoza.

Mukachedwa mudzawapeza ndithu, adzakulandirani ndi ulemu wonse, kukupatsani mpando, n'kukufunsani kuti ndinu mwana wa ndani. Ine zandichitikira. Sindikufuna kuti zikuchitikireni musanamve dzina lanu pakamwa pawo.

Mundikhululukire pa mabodza onse a pafoni aja. Bambo anandikhululukira tsiku lomwelo, ngakhale pano sakumbuka kuti panali mlandu. Ine ndiye ndimakumbuka, ndipo ndinafuna kuti m'banja mwathu mukhale munthu wina wodziwa chomwe ndinachita.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsalu ija ndimavalabe. Ana muwapsompsone, wamkuluyo alimbikire mayeso. Azakhali akupereka moni, akuti mwawaiwala. Mulungu akusungeni nonse, akutsegulireni njira, ndipo atisungire bambo kufikira mutafika.

Pobwera mutenge thalauza lomwe simulidandaula. Pakamtsinje paja pogwada ndi ponyowa.

Ine mlongo wanu,
Sipanala