Chitseko Chowotcherera M'kati

Okondedwa Alamu,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Muli bwanji kumeneko ndi amayi a ana? Msana uja unkakuvutani chaka chatha unasiya? Kuno mpweya ulipo. Apongozi miyendo ikuwawawabe koma akuyenda. Kachitsulo wanu uja, amene munamutcha dzinali chifukwa chokwawira m'shedi ya bambo ake, wayamba kudya, ngakhale chifuwa chikulirabe. Achimwene anu ali m'chipatala sabata yachiwiri, mutu wonse uli m'mabandeji.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni simundipatsa mpata. Lachiwiri lija munangokuwa kuti mwezi ukatha mukubwera, ndipo wolanda nyumba amene anaphwanya mutu wa achimwene anu adzaona zakuda. Ndamvanso kuti mwatumiza ndalama kwa anzawo a kushedi kuti afufuze kumene banja la munthuyo limakhala. Khalani pansi kaye, Alamu. Werengani mpaka kumapeto, kenako mupse mtima bwinobwino.

Nyumba ija mukuidziwa, munakweza nawo malata. Tsiku losaina ngongole ku banki anatisekerera n'kutibwereka cholembera. Palibe amene anatiwerengera timalemba tating'ono tonena kuti chiwongoladzanja chikhoza kukwera nthawi ina iliyonse. Zaka zisanu ndi chimodzi tinalipira osaphonya mwezi. Ine ndinkasoka mpaka maso kuchita chidima, iwo ankawotcherera mageti mpaka malaya onse kukhala mabowo okhaokha.

Chaka chino makalata a banki anabwera atatu, iliyonse yokweza chiwongoladzanja. Zitsulo nazo zinakwera mtengo, makasitomala n'kutha. Ndani angaitanitse geti pamene sopo akugula wodula pakati? Achimwene anu atapita kukafunsa, anawaonetsa pa kompyuta kuti ngongole yatsala pang'ono kufanana ndi imene tinatenga poyamba. Iwo anafunsa kuti nanga zaka zonsezi timalipira chiyani. Anawayankha kuti zinthu zavuta kulikonse, ndipo palibe akudziwa ngati sichikweranso.

Kuchokera tsiku limenelo achimwene anu anasintha. Wailesi itayamba kukamba za chuma anaimenyetsa kukhoma. Tsiku lina ndinangoti bwanji tigulitse tokha nyumbayi isanalandidwe, tikayambirenso kulendi. Mbama imene ndinalandira, khutu langa lamanzere likulirabe mpaka lero. Sindinakuuzeni chifukwa apongozi anati ndipirire, mwamuna ali pa mavuto.

Khoti linalemba kuti olanda nyumba adzabwera Lachisanu. M'mawa wa tsikulo achimwene anu anatuta makina owotcherera kushedi n'kuwalowetsa pabalaza. Ine ndinkayesa akuwabisa kuti asalandidwe. Ayi ndithu. Anatseka chitseko chachitsulo chija anapanga okha, n'kuchiwotcherera ku felemu kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anachita chimodzimodzi ndi cha kukhitchini, ife tili m'kati.

Mawindo aja mukuwakumbukira. Ankadzitama kuti zitsulo zake ngakhale mphaka sangalowe, osaganiza kuti nafenso sitingatuluke. Ndinawachonderera kuti mwana yekhayu atuluke kaye, ali ndi mphumu. Anati wotuluka m'nyumba muno ndi wa banki, si wawo. Anaunjika masofa ndi matiresi kuseri kwa chitseko, n'kunena kuti akufuna aione banki imene ingawatulutse m'nyumba yomanga ndi manja awo.

Cha m'ma teni koloko lole inafika ndi amuna anayi. Wamkulu wawo anali bambo wa imvi, wovala jekete yakuda. Anaima pawindo n'kuyamba kuwerenga pepala la khoti mwaulemu wake wonse. Asanamalize, achimwene anu anatulutsa chitsulo chofiira ndi moto pakati pa zitsulo za windo n'kumudinda nacho pamkono. Fungo la nyama yakupsa linalowa m'nyumba. Aneba anasonkhana n'kuyamba kugenda, galasi la lole phwa, mmodzi wa amuna aja njerwa inamutsegula chipumi.

Anzake atakwiya anayamba kumenya chitseko ndi chinyundo chachikulu. Pangodya pena patayamba kulekana, achimwene anu anathamangira kukawotchereranso. Pamenepo ndi pamene tizimoto tinagwera pa matiresi. Inu Alamu, siponji imayaka ngati yathiridwa mafuta. Ndisanafike ndi ndowa, masofa anali atagwira kale, utsi uli tolo mpaka kudenga.

Ndinakokera mwana kuchipinda chakumapeto. Anagona pansi, milomo itayamba kutuwa, akukoka mpweya ngati nkhuku yodwala. Ndinakuwa pawindo kuti tikufa. Amene anayamba kufika si mneba ayi, anali bambo wa imvi uja, mkono wake wopsawo uli pamtunda. Anabwera ndi tcheni cha pa lole n'kuyamba kuchikulunga ku zitsulo za windo kuti lole izizule.

Achimwene anu analowa m'chipindamo, maso ali psuu. Anati anthuwa akupezerapo mwayi pa moto kuti alowe, motowo azimitsa okha ndi bulangeti. Anatola chitsulo n'kuyamba kumenya manja a munthu uja. Ndinamva zala zikuthyoka, koma tcheni sanachisiye. Ndinawagwira malaya, iwo n'kundiponda pamimba mpaka ndinakagwera pa bedi. Anakwezanso chitsulo chija.

Nyundo yawo yaing'ono inali pansi pafupi ndi phazi langa. Ndinaitola.

Ndinawamenya kunkhongo, anagwada. Ndinawamenyanso kachiwiri, anangoti khu pansi, magazi ali chuchuchu. Kumenya koyambako kunali kwa mwana, ndipo pamaso pa Mulungu sindikuchita nako manyazi. Kwachiwiriko ndikanatha kuleka, poti chitsulo chinali chitagwa kale m'manja mwawo. Kumeneko kunali kwa khutu langa ndi zaka zisanu ndi chimodzi zija. Ndi kumene sikundigonetsa tulo.

Lole inakoka, windo linazuka pamodzi ndi njerwa zake. Bambo uja analowa mu utsi n'kutulutsa Kachitsulo, ine ndikukwawa pambuyo. Anabwereranso n'kukhwekhwereza achimwene anu panja denga lisanagwe. Anthu ataona akutuluka nawo, jekete yonse ili magazi, wina anakuwa kuti wapha mwini nyumba. Anamugwetsera pansi pomwepo, kumupondaponda mpaka mano awiri anatsala m'fumbi. Apolisi ndi amene anamulanditsa, n'kumutsekera pa mlandu wofuna kupha munthu.

Ine ndinali pomwepo, mwana ali m'manja, ndipo sindinatsegule pakamwa. Kupolisi atandifunsa ndinati munali utsi, sindinaone kanthu. Mantha, Alamu. Ndinkangoganiza kuti akanditsekera, bambo ake ali chikomokere, mwanayu atsala ndi ndani.

Koma munthu uja anandiona. Anali pawindo, maso athu anakumana nyundo ili m'dzanja langa. Kupolisi akungonena kuti iye sanamenye munthu, dzina langa sanalitchule. Dzulo mtima utandikanika ndinapita kukamuona, nditanama kuti ndine mbale wake. Nkhope yotupa, zala zomangidwa, ndipo ntchito akuti amuimitsa. Ndinkayembekezera kuti anditukwana. Anangondifunsa ngati mwana uja akupuma bwino. Ndinamuuza kuti wayamba kudya, n'kutuluka.

Achimwene anu anatsitsimuka Lamlungu. Sakukumbukira chilichonse cha m'chipinda muja. Mawu awo oyamba anali ofunsa ngati chitseko chinapirira. Ndinawauza zoona, kuti chitseko chilipo, chili chiimire ndi felemu yake, nyumba ndiye palibe. Anamwetulira n'kugonanso. A banki nawo sanatiiwale, kalata yachinayi yafika kwa aneba, akuti chakweranso.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi ya m'mawa, ikufikani mawa madzulo. Pamene muziiwerenga ine ndidzakhala nditapita kale kupolisi kukanena zonse, choncho musavutike kundiimbira kuti mundiletse kapena kundikalipira.

Ndikupemphani zinthu ziwiri. Choyamba, musanavule n'komwe nsapato, imbirani anthu a kushedi aja asiye kusaka banja la munthuyo. Ali ndi mkazi ndi zidzukulu, ndipo ndamva kuti a kushediwo agula kale petulo. Chachiwiri, bwerani mudzamutenge Kachitsulo. Ndamusiya kwa apongozi, koma iwo sangathamange naye kuchipatala chifuwa chikamugwira. Kampope kake ka mphumu kali m'thumba la kutsogolo kwa chikwama cha sukulu. Asagone pafupi ndi utsi, ndipo akadzidzimuka n'kuyamba kufunafuna chitseko, musamukalipire, mungomutsegulira aone.

Apongozi sindinawauze. Muwauze ndinu. Achimwene anu ndikawauza ndekha akadzalimba, ngati adzandilole kuwaona.

Mundiperekere moni kwa amayi a ana ndi ana onse, muwauze kuti madiresi ndinawalonjeza aja anapsa pamodzi ndi makina osokera. Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino pa msewu. Ngati mukafika mtima udzakhala ukuwirabe, musapite kwa bambo wa imvi uja. Dzanja limene mukulifuna ndi lomwe lalemba kalatayi, ndipo simudzavutika kulipeza.

Ndine mlamu wanu,
Mayi a Kachitsulo