Ndawamasula manja bambo

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu? Nanga mwendo wa amayi ukupola? Ine ndilipo.

Ndamva zimene mukuuza anthu, zoti ndatulutsa bambo m'chipatala kuti adzafere m'chipinda mwanga, ati chifukwa ndinalawako yunivesite ndiye ndikudziyesa dokotala. Sukulu sindinamalize, n'zoona, koma maso ndili nawo.

Chotupa cha kummero chija chafalikira, ndipo madokotala ananena poyera kuti sichingachizikenso. Anawalowetsa chubu chodyera m'mphuno, bambo anachizula katatu. Kachitatuko anawamangirira manja kuzitsulo za bedi ndi mabandeji. Telala amene wasoka zovala zaka makumi anayi, ndinawapeza atamangidwa ngati mbuzi yopita kumsika, ntchentche ikuyenda pamlomo, iwo osatha kuithamangitsa.

Dokotala anati tisankhe: chubu ndi mabandeji, mwina miyezi iwiri, kapena kunyumba ndi mankhwala opha ululu, mwina masabata atatu. Sindinasankhe ine. Ndinafunsa eni ake. Mawu sakutulukanso, ndiye analemba papepala kuti ndiwamasule, iwo si wakuba. Pepalalo ndasunga, mudzawerenge nokha, paja inu sukulu munamaliza.

Pafoni munandiuza kuti bola akupuma. N'zosavuta kunena zimenezo munthu uli kutali, manja ako ali omasuka. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wanuwo walewa zonse, zagwera ine wamng'ono.

Chipinda n'chochepa. Bedi ndawapatsa iwo, ine ndimayala pansi. Nesi amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu kudzawaona. Bambo amameza madzi pang'onopang'ono ndi supuni, ululu sakuumvanso. Abwana kuntchito ayamba kung'ung'udza kuti ndimachedwa, ndangowasiya.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani ndi amayi sabata ino, osati ya mawa. Bambo alemba dzina la amayiwo kawiri papepala lomwe lija. Ngati mukubwera kudzakangana nane pamaso pa wodwala, tsalani, mungowakweza basi amayiwo, ndikawachingamira.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali ndi ana onse. Amalume amene akuti ndalodzedwa, nawonso muwapatse moni.

Ndine mlongo wanu,
Wosamaliza sukulu uja

Dzulo bambo anaona kuti batani la malaya anga a kuntchito lathothoka. Anaitanitsa singano ndi ulusi. Anasoka kuyambira m'mawa mpaka masana, batani limodzi.