Tsitsi la Felesiya Pachikuto cha Buku

Amayi, kumeneko mukukhalako bwanji?

Moni wina adikire kaye, ndili ndi dandaulo, ine mwana wanu wachitatu amene munamugulitsira mbuzi kuti akaone yunivesite. Pa zithunzi zonse zimene munatisiyira, palibe ngakhale chimodzi chimene mutu wanu uli poyera. Paukwati chophimba, paubatizo wa mwana wanu Yohane duku, pa chithunzi cha chiphaso dukunso. Kodi munalumbira kwa ansembe? Mwandizunza, ndipo ndifotokoza.

Buku lija munkati ndikuthera parafini pachabe, alilandira osindikiza ku Blantyre. Ndi nkhani ya Felesiya, mtsikana wa ku Mbulumbuzi pa zaka zija dziko litangolandira ufulu. Musadzitame, si inu. Amangoyenda ngati inu, kuyankha ngati inu, ndi kudana ndi therere ngati inu.

Tsono wojambula chikuto anamuveka Felesiya wanga wigi yofika m'chiuno. Ndinamuimbira foni. Ndinati, "Achimwene, mwanayu akupita kudambo kukatunga madzi, ndowa aisenzera pati?" Iye anangoti, "Madamu, tumizani chithunzi cha tsitsi mukufunalo pofika Lachisanu, apo ayi tisindikiza momwemo." Ndiye kuti Chiradzulu yense akanaona mtsikana wa nthawi yanu atavala mchira wa hatchi, dzina langa lili pansi pake.

Ndinatenga mdzukulu wanu Chisomo, amene tsopano wandipitirira msinkhu, kupita naye ku saluni ku Namadzi kuti akamumange tsitsi la nthawi yanu, ndimujambule. Ndinafotokoza zomanga tsitsi ndi ulusi wakuda. Mtsikana wa pamenepo anatafuna chingamu n'kuti, "Anti, zimenezo tilibe. Koma ziliko wigi zofika kumsana, pamtengo wabwino." Ndinatuluka ulemu wanga usanathe.

Kwatsala ndani? Mng'ono wanu, amayi aang'ono a Matilida. Tinakwera kabaza mpaka kwawo. Tinawapeza akupuntha nandolo, amene chaka chino wachita bwino, ngakhale ogula akumuyang'ana ngati tawalakwira. Ndisaiwale, mkazi wa Yohane wabereka mwana wamwamuna, ali ndi makutu a bambo.

A Matilida zala zinauma, maso nawo ndi a chifunga, choncho iwo anali pakamwa, ine pamanja. Ulusi wa m'sitolo anaukana. Anati inu munkasolola ulusi pa thumba lakale, n'kuudetsa ndi makala osinja ndi mafuta a nsatsi. Zimenezi simunandiuzepo. Ndinayamba kugawa mizere ndi chipeso, iwo n'kundimenya dzanja. "Iwe, sukulu yonse ija? Achemwali ankagawa ndi munga wa ndimu, kuyambira pamphumi kutsika kumakutu. Nsonga sizimaima ngati nyanga, umazipinda, n'kuzimanga pamodzi kunkhongo kuti nkhata ikhale bwino."

Chisomo ankalira ngati tikumusenda. "Mami, anzanga akandiona ndasamuka sukulu!" Pakamwa panga panangotuluka mawu anu aja: "Ukagwedeza mutu ndiyambiranso." Ndinadzidzimuka ndekha.

Titamaliza, mwanayo anaimirira n'kutembenuka, khosi lili njo, atakwiya. A Matilida anasendera pafupi, n'kumugwira masaya ndi manja awiri. Anamuyang'anitsitsa mpaka nkhuku zinayamba kudya nandolo pamphasa. Kenaka anati, "Achemwali, mwachedwatu." Ine wa madigiri ndinakathamangitsa nkhuku kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinachedwako.

Chithunzi ndinatumiza Lachinayi. Wojambula wachotsa wigi ija, Felesiya tsopano angathe kusenza ndowa. Chisomo, amene ankafuna kusamuka sukulu, akukana kumasula. Amadutsa pakhomo la khitchini m'mawa, ine n'kumuyesa inu, phala n'kupserera.

Chifukwa chake nachi chigamulo changa. Mwalowa m'nyumba mwanga osagogoda, mwakhazikika pankhope ya mwana wanga osapempha, ndipo lendi simukulipira. Ndikufuna mvula yoyamba igwe pamunda panga pokha, a Matilida muwabwezere diso limodzi, ndipo inuyo mupemphe tchuthi kwa akuluakulu a kumeneko, masana amodzi okha, mudzandikhazike pakati pa miyendo yanu n'kundimanga tsitsi. Mukoke mmene mungathere. Mutu sindigwedeza.

Buku likatuluka, loyamba ndi lanu. Ndidzabwera nalo kumanda ndi tsache, ndidzakuwerengereni mokweza, ngakhale pamene ndakunenani za therere.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi