Apongozi amagona kuti?

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Kaya mwendo wa amayi uja unaphwa? Ulendo watha munati akukana ndodo, akuti imawakalambitsa. Ine kuno ndili bwino, kungoti nkhupakupa zandimaliza m'miyendomu, ndipo masiku ano sindikugona mokwanira.

Mudabwa kuti ndalemba papepala pomwe foni ilipo, komanso kuti kalata yafikira kuntchito kwanu osati kunyumba. Ndapatsira anamwino amene amabwera kuno ndi galimoto ya chipatala. Foni yanu ija ili ndi eni ake ambiri. Ana amaiseweretsa, alamu amaimbira yawo ikathima. Iyi muwerenge muli nokha, ndipo mukatha musaisiye m'chikwama.

Mumandinena kuti sindifotokoza za ntchito yanga. Lero ndifotokoza. Msasa wathu ndi matenti ochepa pansi pa mitengo, khitchini ya malata ndi thanki ya madzi. Tilipo asanu: ine, ophika, mlonda wa nyama amene amayenda nafe ndi mfuti, adalaivala amene timawatcha a Giya, ndi mayi amene amatsogolera kafukufukuyu. Iwowa timangowatchula kuti a Dokotala, ngakhale jakisoni sabaya. Netiweki imapezeka pakaphiri kena kuseri kwa msasa, ndiye utaimirira pamwala n'kukweza mkono.

Ine ntchito yanga ndi kulondola ngaka. Mwina simunaionepo. Ndi kanyama ka mamba thupi lonse, kamayenda ndi miyendo yakumbuyo manja katapinda pachifuwa ngati munthu wolowa m'tchalitchi mochedwa. Sikaluma, sikathawa. Kakachita mantha kamangodzipinda n'kukhala mpira, moti wakuba amangotola n'kuponya m'thumba. Ogula mamba ake alipo, ndipo sasowa owatumikira. Ngaka yathu ndi yaikazi, tinaimangirira kachipangizo pamamba akumsana. Ine ndimayenda m'thengo nditanyamula kamlongoti m'mwamba, kumvetsera kulira kwa kachipangizoko, mpaka nditapeza una umene yagonamo. Nyengo yozizira ino imatuluka dzuwa lisanalowe, ndiye ndimaitsata chapatali n'kumaona zulu zimene yafukula. M'mawa ndimatsuka ndowe zake pasefa kuti tione mitundu ya nyerere imene yadya. Zaka zonse zija za kuyunivesite zinathera pasefa, koma musawauze amalume.

Pali lamulo limodzi lalikulu. Dzina la nyamayi sititchula pawailesi yam'manja kapena kunja kwa msasa, chifukwa sitidziwa amene akumvetsera. A Giya ndi amene anapeka dzina lina. Anati nyama imene ikakuona imabisa nkhope osayankha moni ndi apongozi basi. Kuyambira pamenepo pawailesi timati apongozi adzuka, apongozi adya, apongozi asamuka. Itaswa mwana tinalengeza kuti apongozi ali ndi khanda, ndipo ophika anaseka mpaka kutaya tiyi. Khandalo limakwera pamchira wa make, n'kumayenda nalo choncho.

Kuseka kunatha mwezi watha. Ophika anapita kukameta pamsika wa kumsewu waukulu, kumene timagula zinthu, ndipo anamva amuna ena m'chipinda chometeramo akufunsana za apongozi a kumsasa. Sabata yomweyo ine ndi mlonda tinapeza una wakale utakumbidwa ndi fosholo mpaka pansi. Pambali panali mapazi a nsapato ndi kotsalira ka ndudu. Mwamwayi ngaka inali itasamuka. Ndinakhala pansi pomwepo.

A Dokotala anatisonkhanitsa kukhitchini. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati liwu lija lili ndi pakamwa pasanu pokha, ndipo amene analitulutsa achoka, nkhani ipite kupolisi. Maso onse anagwera a Giya, poti ndi amene amapita kumsika kawirikawiri, amamwako pang'ono, ndiponso pakamwa pawo sipapuma. Anawalanda makiyi. Tsopano amangokhalira kupukuta galimoto imene saloledwa kuyendetsa, ndipo ali ndi ana kusukulu.

Achemwali, kukayikirana ndi matenda oipa. Ndinayamba kuwerenga anzanga ngati mapazi a nyama. Mlonda ali ndi foni yatsopano, waitenga kuti? Ophika akukwera kaphiri kawirikawiri, akuimbira ndani, nanga bwanji ndi iwo amene anamva nkhaniyi koyamba? Munthu akatsokomola m'tenti ine khutu lili tcheru. Patebulo timadya nyemba zathu aliyense diso lili pa mnzake. Tsiku lina a Giya anandipeza ndikuwayang'anitsitsa, ndipo anandifunsa kuti ophunzira inu, mwandiika pasefatu, mwapezamo mitu ya nyerere? Ndinaseka, koma manyazi anandigwira.

Lachisanu ndinaperekeza a Dokotala kumsika kuja, akuyendetsa okha. Iwo ali kothira dizilo, mayi wa pagolosale anandikodola. Anati ndine wouma mtima, kukwatira osawaitana ngakhale kudzatsuka mbale. Ndinawauza kuti sindinakwatire. Anati ndisawanamize, mlamu wanga weniweni anadutsa pamenepo ndi lole yobiriwira yong'ambika galasi lakutsogolo, munthu wa mpata m'mano, woseka ndi aliyense. Akuti anagulira anyamata zakumwa, n'kumafunsa za apongozi anga a kumsasa amene ali ndi khanda.

Lole imeneyo mukuidziwa, ndipo mpata wa m'manowo mumauona tsiku ndi tsiku.

Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira foni ija. Paja amayi atadwala munandiimbira ndili pakaphiri paja n'kundipanikiza kuti ndibwere, ine n'kuyankha moseka kuti sindingasiye apongozi ali ndi khanda. Inu munati ati chiyani, ndibwerezenso. Ndinayamba kufotokoza, ndipo netiweki inathawa. Ndayesetsa kukumbukira pamene inadukira koma ndalephera. Kodi ndinafika ponena za mamba? Za mchira? Nthawi zina ndimaona ngati ndinanena, nthawi zina ngati ndinangoganiza. Chimene ndikukumbukira bwino n'chakuti munali mukuchapa, foni munaiika pokweza mawu, ndipo chakumbuyo kwanu wina anatsokomola. Sitinabwererenso kunkhaniyo, ineyo ndinaiyesa nthabwala yotha.

Ndiye ndakhala ndikuitembenuza mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi yoseketsa. Mwina munawauza amayi, amayi n'kukhulupirira kuti mwana wawo wa zii uja wakwatira mobisa kuthengo, ndipo anatuma alamu kuti akafufuze poti msewu wawo umadutsa konkuno. Amayi angathedi kutero. Paja anakafunsa aphunzitsi anga ngati ndili ndi chibwenzi ndili kale ndi ndevu. Ngati zili choncho, alamu anangomwaza liwu pamsika osadziwa chimene anyamula, ndipo ena ochenjera analitola.

Mbali yachiwiri ndi imene ikundilanda tulo. Mayi wa pagolosale uja anati alamu ankafunsa kuti apongoziwo amagona kuti. Achemwali, munthu timafunsa kuti amakhala kuti, kapena kwawo n'kuti. Kugona timafunsira nyama. Limenelo ndi funso langa la tsiku ndi tsiku, ndi limene ndimanyamulira kamlongoti. Ndinawafunsanso mayiwo kuti anati amagona kapena amakhala? Anandiyang'ana ngati ndapenga, akuti kugona ndi kukhala n'chimodzimodzi, kodi inu kumene mumakhala simugonako? Kenaka anatembenukira munthu wogula sopo. Choncho mwina liwulo ndi lawo, si la alamu. Mwina ndikumanga mlandu pa liwu limodzi la munthu amene anali wotanganidwa ndi makasitomala. Mukundidziwa, ndimatha kukumba dzenje pamene palibe una.

Komabe pali zina zimene zikukana kuchoka m'mutu. Munthu wotumidwa kukafufuza za ukwati amafunsa za mkazi, kuti ndi mwana wa yani, amaoneka bwanji. Ndinafunsa, ndipo akuti za mkazi sanafunseko n'kamodzi komwe. Anangolunjika kwa apongozi ndi khanda. Ndiponso njira yolowera kumsasa kwathu aliyense pamsikapo amaidziwa, koma sanabwere kudzandilonjera, ngakhale kundisiyira uthenga. Ndakumbukiranso tsiku lija tikudya kwanu, pamene anandifunsa moseka ngati kuthengo kuno kulibe katundu wopepuka woti lole isamabwerere chabe. Tonse tinaseka. Lero sindikudziwa ngati inali nthabwala.

Musaganize kuti ndaiwala. Ndi alamu omwewa amene ananyamula matiresi anga palole kukanditula kuyunivesite, n'kumauza aliyense pageti kuti uyu ndi mng'ono wanga. Ndi bambo wa ana anu. Ndikamalemba izi ndikudziona ngati munthu wosayamika, ndipo ngati ndalakwa ndidzagwada pamaso pawo inu mukuona.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu musawafunse kanthu. Mufunse amayi mwanzeru ngati anawatuma kudzafufuza za ine. Kenaka mukhale pansi mukumbukire chimene munamva pafoni paja, ndi chimene munawauza amuna anu. Kodi pochoka kunyumba ankadziwa kuti apongozi ndi munthu kapena ndi nyama? Anamwino akamabwereranso kuno adzadutsa kuntchito kwanu. Simukufunika kulemba zambiri. Liwu limodzi likwana, munthu kapena nyama.

Ndikuuzeniretu chimene ndatsimikiza, kuti musadzati ndinakuchitani chiwembu. Mawa m'mawa ndikawauza a Dokotala kuti liwu lija linatuluka pakamwa panga, pakaphiri paja. A Giya alandire makiyi awo. Sindingathenso kukhala nawo patebulo limodzi ndikudziwa zimene ndikudziwazi. Mwina andichotsa ntchito, ndipo mukadzandiona ndikutsika basi ndi chikwama musadzadabwe. Akandifunsa kuti ndinauza ndani, ndidzati ndinauza mlongo wanga, chifukwa ndi zoona. Za lole yobiriwira ndiyamba ndasunga mpaka anamwino abwere. Mukalemba kuti munthu, ndidzafotokoza zonse monga ngozi ya pabanja, tidzaseke limodzi chaka chamawa. Mukalemba kuti nyama, ndidzaitchula loleyo. Anamwino akabwera chimanjamanja ndidzamva kuti mwayankha kuti nyama.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu wolemera, woti musankhe pakati pa amuna anu ndi kanyama kamene simunakaonepo. Dzulo madzulo ndinakaona. Kanatuluka pa una watsopano, khanda lili pamchira, n'kuima kununkhiza mphepo manja katapinda. Kanandimva fungo, kanabisa nkhope pang'ono, kenaka kanapitiriza ulendo ngati kakudziwa kuti ameneyu ndi mkamwini wathu yemwe uja. Amene anabwera ndi fosholo aja abweranso, ndipo kanyamaka chimene kamadziwa ndi kudzipinda basi. Mbali imene kasamukira sindilemba, ngakhale kwa inu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti agwire ndodo, ndiponso kuti mwana wawo sanakwatire. Moni kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Wamkuluyo mumuuze kuti nthenga ya nkhanga imene anandipempha ndamusungira. Alamu okha musawapatse moni wanga ulendo uno, angafunse kuti wadzera njira iti.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamuti Duu